Baji ya Malume, Dzanja la Apongozi

Lolemba

Sabata ya ulemerero wanga yayamba. Ndikulemba zonse kuti mbadwo wa mawa usadzanene kuti zinachitika mwangozi.

Loweruka ndikukalankhula ku kalabu ya otolera mabaji a nkhondo, ija imakumana m'chipinda chapansi pa tchalitchi china kutauni. Nkhalamba zachizungu zokhazokha, aliyense ndi galasi lokulitsira zinthu m'thumba la jekete. Chaka chonse ndakhala ndikupitako ngati mlendo, kumwa tiyi wawo wozizira, kugwedeza mutu ngati buluzi. Kuti akulembe kukhala membala, uyenera kubwera ndi baji yopanda dzina la wopanga, n'kuwatsimikizira amene anaipanga. Ukalephera, udikire chaka chamawa.

Baji ndili nayo. Ya malemu malume anga a Jailosi, ya pachipewa, imene anavala ku Bama pa nkhondo yachiwiri ija. Yamkuwa, lipenga pakati, chisoti chachifumu pamwamba. Kumbuyo: timakutu tiwiri tolowetsamo kapini, ndi litsiro la zaka makumi atatu. Dzina la wopanga palibe.

Litsirolo ndiye chuma chake. A Ferguson, apampando a kalabu, amatsegula msonkhano uliwonse ndi lamulo limodzi, chala m'mwamba ngati mlaliki wa chitsitsimutso: baji sitsukidwa! Kuda kwake ndiye umboni wake. Ndili ndi mabaji ena amene ndinatola m'misika ya zakale, ali m'kachitini ka mabisiketi m'kabati ya makhoti, onse akuda bii monga mwa lamulo. Koma ya malume ndiyo mfumukazi.

Dongosolo:
Lachiwiri, kuunika kumbuyo ndi galasi.
Lachitatu, laibulale ya ku yunivesite.
Lachinayi, kutayipa.
Lachisanu, kuyeseza pa kalilole wa kubafa.
Loweruka, kuwomberedwa m'manja.
Lamulungu, kudzichepetsa pang'ono, mpata ukapezeka.

Chovuta n'chimodzi: apongozi. Anafika mwezi watha kuchokera ku Dedza kudzathandiza kulera Tiyamike, khanda lathu, popeza mkazi wanga Nachisale wabwerera ku unamwino wake kuchipatala. Ndiye masana m'fulati muno timatsala atatu: ine, khanda, ndi mayi amene mwambo sundilola kuwalankhula kapena kuwayang'ana kumaso.

Amene anakhazikitsa mwambo umenewu anali ndi mudzi wonse wozemberanamo. Kuseri kwa nkhokwe, kuseri kwa khola, njira ya kudambo. Sanaganizeko za fulati ya zipinda ziwiri pamwamba pa nyumba yosanja ku North York, kuno kudziko la azungu kutsidya la nyanja, kanjira ka m'kati kopapatiza ngati ka mbewa. Ndikamva mapazi awo ndimalowa m'kabati ya makhoti. Lero ndakhalamo mpaka ndaloweza fungo la khoti lililonse. Munthu wa madigiri awiri, yachitatu ili m'njira!

Lachiwiri

Wailesi yasiya kunena kuzizira m'manambala akale aja, tsopano ikunena m'manambala atsopano. Kuzizira kwenikweniko sikunauzidwe, kukadali komweko.

Ndayala hanki yoyera pa tebulo lodyera, pomwe pali kuwala kwabwino. Baji pamwamba. Galasi m'manja.

Phunziro kwa odzawerenga ndikadzatchuka: baji yodinda ndi makina ku Mangalande, kumbuyo kwake kumakhala kolowa, chithunzi cha kutsogolo chimaonekera bwinobwino. Baji yosungunula, imene amisiri a m'misika ya ku India ankathira m'chikombole cha mchenga asilikali akataya zawo, kumbuyo kwake kumakhala timaenje ngati nkhope ya munthu amene anadwala nthomba. Ya malume? Theka lolowa, theka lanthomba. Malume sanali munthu wofewetsera ena zinthu ngakhale ali moyo.

Kenako, pansi pa kakhutu kakumanzere, mkati mwa litsiro lobiriwira, kanthu! Kachilembo. Kochepa ngati dzira la nsabwe. B!

Ndavina ndekha pa kapeti, mwakachetechete, poopa apongozi.

B wa chiyani?
Birmingham. A Ferguson angakondwe.
Bombay. Zingakhale zochititsa chidwi.
Blantyre. Ndingalembe buku, mwina awiri.
Bama, ngati malume anangokanda okha ndi msomali.
Basi, ngati mmisiriyo anali atatopa.

Ndawaimbira foni a Ferguson. Mawu awo: "Good Lord! Musaikhudze. Musaipumire n'komwe." Akuti aitana bambo wina wa ku Mississauga amene mabaji ake amadzaza chipinda, amene sanatulukepo m'nyumba Loweruka chiyambire kupuma pantchito. Adzabwera chifukwa cha B wanga. Ndinati ndidzichepetse, koma lilime latsogola: ndawauza kuti akonze mipando yowonjezera.

Nachisale pobwera kuntchito, asanavule n'komwe nsapato: "Kachitsulo kanuko kachotseni patebulo. Amayi akuti kakununkha."

Kakununkha mbiri, mayi! Ndakasiya pomwepo. Sayansi sisuntha chifukwa cha mphuno.

Lachitatu

M'mawa, kukwera basi, sitima ya pansi pa nthaka, laibulale. Mabuku a nkhondo ija ndi ochuluka, ndipo onse amadziwa dzina la galu wa mkulu wa asilikali aliyense wachizungu. Za amene anapanga mabaji a anyamata a ku Zomba, zii. Mtsikana wa pa desiki wandifunsa ngati Nyasalande ndi dzina la munthu. Ndamuyankha mwaulemu, Mulungu ndi mboni, ngakhale ulemuwo unali ndi mano.

Ndabwerera masana. Patebulo pali hanki. Yochapidwa. Yositidwa. Yopindidwa pamakona anayi ngati ya pa guwa.

Baji palibe!

Ndafufuza:
pansi pa tebulo,
m'mphepete mwa sofa (ndapezamo chipeso chimene ndinanamizira Nachisale kuti anataya),
m'ndowa ya matewera, Ambuye andikhululukire,
m'kamwa mwa Tiyamike, amene wandiyang'ana ngati ndine wamisala.

Apongozi ali kukhitchini, akuimba nyimbo ya Mvano mokoma kwambiri. Mtunda wa pakati pa ine ndi yankho ndi chitseko chimodzi cha pulayiwudi. Ndikanakhala mzungu ndikanagogoda n'kufunsa. Koma ine ndine mwana wa anthu, ndinaleredwa.

Ndaimbira foni kuchipatala kuti Nachisale awafunse. Sisitala wa pa wodi akuti anamwino salandira mafoni a panyumba pokhapokha ngati pali ngozi. Ndati ngozi ilipo. Afunsa kuti wavulala ndani. Ndati mbiri ya Afirika. Adula.

Ndayesa njira ya makolo: kuima pafupi ndi chitseko n'kutsokomola mwatanthauzo. Kutsokomola kofunsa. Kutsokomola kodandaula. Kutsokomola koonetsa kukula kwa baji. Nyimbo yaleka. Chitseko chatseguka pang'ono, dzanja latuluka, laika kapu pansi, labwerera. Madzi otentha a mandimu ndi jinja.

Ndamwa. Anali okoma, ndipo zimenezo zandikwiyitsa kwambiri.

Nachisale akugwira mashifiti awiri motsatizana. Funso langa ligona m'mimba.

Lachinayi

Nachisale wafika m'mawa maso ali psuu, wagwera pabedi ndi yunifolomu. Ndati, "Tawafunsani amayi za baji." Yankho: "Mmm." Sindikudziwa ngati "mmm" ameneyo anali wa Chichewa kapena wa Chingerezi.

Ndiye ndili m'kabati ya makhoti, monga mwa masiku onse, ndamva apongozi akulankhula pabalaza mokweza, mawu olunjika bwino ku kabati: "Iwe Tiyamike, uwauze abambo ako kuti kanthu kawo kali pawindo la kukhitchini, kakuuma."

Tiyamike ali ndi miyezi itatu. Luso lake lalikulu ndi kubwezera mkaka paphewa. Koma lero wakhala positi ofesi, ndipo uthenga wafika msanga kuposa telegalamu. Mwezi wathunthu ndakhala ndikubisala pakati pa makhoti, osadziwa kuti lamya ili m'nyumba momwemo, yavala thewera!

Chimwemwe changa chatha pa liwu limodzi. Kakuuma?

Ndadikira apongozi alowe kuchipinda. Ndathamangira kukhitchini.

Pawindo pali dzuwa laling'ono. Likuwala. Likuthobwa m'maso. Pambali pake mapoto athu onse, amene tinagula akuda kale kwa mwenye wina wosamuka, akunyezimira ngati a m'sitolo, ndi waya wokwechera mapoto ali chogona, wotopa, wokhutira ndi ntchito yake.

Ndaitembenuza. Ndaiunika ndi galasi.

Litsiro la ku Bama: palibe.
Thukuta la malume: palibe.
Nthomba ija: yachira.
B: wapita. Birmingham, Bombay, Blantyre, onse atsikira m'paipi ya sinki, pano ali m'nyanja ya Ontario.

Chatsala ndi timizere tosalala, tonse tolowera mbali imodzi, ntchito ya dzanja limene lakwecha mapoto a pa maliro ndi pa maukwati a Dedza yense osadandaulidwapo.

Ndalowa m'kabati, ndaluma dzanja la khoti la Nachisale, ndakuwa. Kunja ndamva: "Tiyamike, uwauze abambo ako kuti chifuwa chawocho chakula, ndiwaphikiranso jinja."

Madzulo mutu wabwerera. Chimene chatsukidwa chingathe kudetsedwa. Sikunama, ndi kubwezeretsa. Ndaipaka polishi wa nsapato, ndaiviika m'tiyi wamphamvu wopanda mkaka, ndathiramo dothi la mumphika wa maluwa wa pa khomo lolowera pansi paja, woyang'anira nyumba atatembenuka. Kapu ndaibisa kuseri kwa wailesi. B ndidzamufotokoza ndi pakamwa. Ndinamuona ndi maso angawa, ndipo ndine munthu wa madigiri.

Lachisanu

"Tiyamike, uwauze abambo ako kuti kanthu kawo kanagweranso m'tiyi. Asadandaule, ndakakonza."

Kuseri kwa wailesi! Ndani amapukuta kuseri kwa wailesi?

Ulendo uno aikwecha mwachikondi chenicheni. Chisoti chachifumu chasalala, chikuoneka ngati chitumbuwa. Lipenga lasanduka nthochi. Akadzaikwecha kachitatu tidzakhala ndi batani.

Pamenepo china chake chaduka m'mutu mwanga. Ndatuluka m'kabati masana dzuwa likuswa mtengo, ndaima pabalaza, nkhope kukhoma monga mwa ulemu, baji m'manja. Tiyamike ali pamphasa, akuyamwa chala cha kuphazi. Apongozi ali pakhomo la khitchini. Ndasankha mawu anga akuthwa kwambiri, aja ndimasungira ma pulofesa.

Ndati: "Tiyamike, uwauze agogo ako kuti ntchito aigwira yotamandika. Baji ya malume anga enieni, imene inaoloka nyanja kawiri, sinawalepo chonchi. Uwauze angoitenga. Ndi yawo tsopano. Ndawapatsa ndi manja awiri."

Ndaiika pamphasa. Ku yunivesite mawu otere amasiya munthu akutuluka magazi sabata yathunthu.

Kumbuyo kwanga, phokoso la mawondo pa kapeti. Kenako kuwomba m'manja, kofatsa, kwa m'mbali, katatu. Ndiye mawu a apongozi: "Tiyamike, uwauze abambo ako kuti ndalandira."

Ndalandira?

Nachisale pobwera walowa kuchipinda kwa amayi ake, watuluka akupukuta m'maso, wandikumbatira pakhosi ngati ndapambana mpikisano.

"Simunandiuze bwanji kuti mukukonza zimenezi? Amayi chifikireni akhala akudikira. Ena amapereka nkhuku, ena nsalu, kuti manyazi athe, apongozi ndi mkamwini ayambe kulankhulana. Inu mwapereka cha malume anu. Amayi alira."

Ndati mwina panali kusamvana pang'ono pa kamvekedwe ka mawu.

"Kamvekedwe kanji?"

Ndayang'ana nkhope yake. Ndati palibe, ndimangotsokomola.

Ndafunsa mosamala ngati mphatso ingabwerekedwe Loweruka lokha, maola ochepa. Nachisale wandiyang'ana ngati ndapempha kubwereka impso. Wapita kukafunsa. Yankho labwera: baji ipita ku msonkhano, inde, popeza mkamwini akuifuna. Koma ipita ili pachifuwa pa mwini wake.

Nachisale mawa ali pantchito. Kuyeseza pa kalilole kwalephereka. Kalilole sangandithandize.

Loweruka

Gulu lankhondo lanyamuka motere: ine kutsogolo, suti ndi tayi, mapepala m'chikwama. Kumbuyo, patali mwaulemu, apongozi: duku, chitenje, majombo a Nachisale, khoti lalikulu la Nachisale, Tiyamike kumsana mkati mwa khotilo, kamutu kokha kakusuzumira. Pachifuwa, baji, ikuwala ngati nyali ya njinga. Aimanga chadodolido, chisoti pansi. Ndiwauze bwanji?

M'sitima yapansi, iwo kumapeto uku, ine kumapeto uko. Mzimayi wina wachizungu wandiuza kuti ndisamayang'anitsitse mayi wosauka uja, ndi mlendo m'dziko muno.

Chipinda cha kalabu chadzaza. Mipando yowonjezera aikadi. Bambo wa ku Mississauga ali kutsogolo, galasi lake lalikulu ngati mbale. A Ferguson alandira apongozi ndi ulemu wonse, awakhazika pampando wofewa pafupi ndi ine, awapatsa tiyi ndi mabisiketi.

Mavuto a wokamba nkhani, mwa ndondomeko yake:
Nkhani yanga ndi ya kumbuyo kwa baji.
Kumbuyo kwa baji kwatsamira pachifuwa cha apongozi.
Chifuwa cha apongozi sindingachiloze, sindingachiyang'ane, sindingachitchule m'chilankhulo chilichonse.
Kuti avule bajiyo ndiyenera kutuma Tiyamike.
Tiyamike wagona. Lamya yaduka.

Ndalankhula nkhope itayang'ana ku chitsulo chotenthetsera chipinda. Ndafotokoza zodinda, zosungunula, nthomba, timakutu. Ndajambula B pa bolodi, wamkulu ngati khomo. Ndinganene mosadzitama kuti chitsulocho sichinamvepo nkhani yabwino chotero.

Munthu wina kumbuyo wafunsa kuti bajiyo ili kuti. Ndaloza ndi chigongono, maso kudenga.

Bambo wa ku Mississauga waimirira, galasi patsogolo, akuwerama kulunjika pa apongozi. Sindikukumbuka kudumpha, koma ndinapezeka pakati pawo, manja otambasula ngati goloboyi. Ndati m'dziko lathu baji imaonedwa patali.

Patali pomwepo panakwana. A Ferguson avala magalasi, avula, avalanso.

"Good Lord. Ndani waitsuka?"

Apongozi Chingerezi sachimva, koma amva kuti akunena za baji yawo. Ndinawaona ndi ngodya ya diso, akuwongola msana, akuisisita ndi chala, akudikira kuyamikiridwa. Mayi amene waoloka dziko lonse kudzachapa matewera a mwana wanga, pakati pa nkhalamba zachilendo zimene zatsala pang'ono kuwayang'ana ngati wakupha.

Ndati: "Ndine."

"Ndi chiyani?"

"Waya wa mapoto."

"Waya wa..." A Ferguson agwira tebulo. "Kangati?"

"Kawiri."

Nkhalamba ina yakhala pansi mwadzidzidzi. Ina yavula chipewa. Bambo wa ku Mississauga wabweza galasi m'thumba pang'onopang'ono ngati akuika maliro, wafunsa nthawi ya basi yobwerera.

Chigamulo: pempho langa aliona chaka chamawa. A Ferguson andigwira paphewa, andibwerezera lamulo loyamba mofatsa, liwu limodzilimodzi, monga amachitira ndi mwana amene wadya sopo.

Apongozi, iwo, tsiku lawayendera. Mabisiketi awawonjezera kawiri. Potuluka tadutsa pa tebulo lalitali pamene mamembala ayala chuma chawo, mabaji mazanamazana, onse akuda, obiriwira, olemekezeka. Apongozi aima. Ayang'ana. Apukusa mutu. Tiyamike wasankha nthawi yomweyo kudzuka.

"Tiyamike, taona. Azungu onsewa alibe akazi?"

Lamulungu

Chipale chayamba. Pa dongosolo ndinalemba kuti lero ndidzichepetse pang'ono. Mfundo yokhayo ndiyo yatheka, ndipo yatheka mopitirira.

Kutchalitchi baji inali pa bulauzi yoyera, chadodolidobe. Titatuluka, amayi a kwathu ndi a ku Zambia anaizungulira m'holo ya tiyi. Nkhani yafika kale paliponse. Mayi wina wa ku Chipata wakoka mwamuna wake ndi tayi kudzamuonetsa ine: "Mwaona anzanu? Imwe munapatsa amai tochi yopanda mabatire." Amuna onse akundiyang'ana ndi chidani. Kutchuka ndinakufuna, koma ndinaiwala kunena kuti kuti.

Ndalemba kakhadi ka baji, poti wotolera amalemba ngakhale chinthu chitapita. Wopanga: sakudziwika. Womaliza: akudziwika bwino, wa ku Dedza. B uja mwina anali 8. Mwina anali mwendo wa nyerere ya ku Bama. Malume akanaseka mpaka kutsamwa, ndi iwo omwe ankapukuta nsapato zawo ndi malovu mpaka kuonamo nkhope.

Titadya masana, Nachisale wapita kukagoneka mwana. Ndamva mapazi. Mwachizolowezi ndanyamuka kulunjika ku kabati.

"Bambo a Tiyamike."

Ndaima. Mwana palibe pabalaza. Mawuwo ndi anga, olunjika, opanda positi ofesi.

"Khalani pansi, bambo. Kabati ndi ya makhoti."

Ndakhala. Ndawayang'ana kumaso koyamba chikwatirireni mwana wawo. Ali ndi kampata pakati pa mano, kofanana ndendende ndi ka Nachisale. Palibe anandiuzapo.

Akuti dzulo Chingerezi sanamve, koma anaona mkamwini wawo akudumpha kudzaima patsogolo pawo, ndipo zimenezo adzakazinena ku Dedza. Akuti ndine wowonda, ndizidya. Akuti tsitsi ndimete, mathalauza otambalala kumiyendo awa akusesa msewu. Akuti jinja ndipitirize. Mwezi wathunthu wa mawu unali utasungidwa, ndipo wayamba kutuluka wonse, sindikuona pomwe udzathere.

Pomaliza, akunyamuka: "M'kabati mwanu muja ndapezamo kachitini ka mabisiketi. Muli tina tambiri, takuda zomvetsa chisoni. Musadandaule, ndativiika kale. Koma waya uja watha."

Ndatsegula pakamwa. Tsopano ndili ndi ufulu wonse wolankhula nawo, mwambo walola, palibe chotchinga. Madigiri awiri, mawu akuthwa osawerengeka.

Ndati: "Zikomo, amayi."

Masitolo satsegula Lamulungu m'tauni muno.

Dongosolo la mawa: kugula waya.